Aphunzitsi sakuilandira silabasi yatsopano ya unamwino: nditani?

Funso: Ndine wachiwiri kwa mkulu wa sukulu yophunzitsa anamwino, ndipo anandipatsa udindo wotsogolera ntchito yokonzanso silabasi yathu, imene yatha zaka zoposa khumi isanasinthidwe. Ine ndi anzanga atatu tinakhala pansi miyezi ingapo mpaka tinalemba chikalata chabwino ndithu. Titachipereka kwa aphunzitsi onse, ena anangoti zii, ena anapsa mtima kuti tawadulira maola, ndipo mayi wina amene watumikira zaka zambiri anati iwo azingophunzitsa monga kale. Bungwe loyang'anira anamwino likudikira chikalatachi ndipo nthawi ikutha. Ndichite chiyani kuti aphunzitsi agwirizane nacho?

Yankho: Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi katundu amene akusenzetsaniyu. Ndiyambe ndi mawu amene mwina simuwayembekezera: mayi aja akuuzani pamaso kuti azingophunzitsa monga kale sindiwo oyenera kukusowetsani tulo. Iwowo akuchitirani chifundo ponena poyera. Oopsa ndi aja angoti zii. Amenewo adzasaina pepala la msonkhano, adzasintha mutu pa tsamba loyamba la manotsi awo, kenako adzalowa m'kalasi, kutseka chitseko, n'kuphunzitsa zomwe zija akhala akuphunzitsa zaka khumi. Inu mudzakhala ndi chikalata chonyezimira pa shelefu, ophunzira adzakhala ndi silabasi yakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikunena zimene ndinadzionera. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinaphatikiza maphunziro awiri, la matenda a anthu akuluakulu ndi la mankhwala, kuti wophunzira akamamva za matenda a shuga azimva nthawi yomweyo za insulin. Ine ndinali m'komiti ndipo ndinkayenda modzitama. Chaka chitatha ndinabwereka kope la wophunzira wina kuti ndione mmene zikuyendera. Masamba oyambirira anali matenda okhaokha, akumapeto mankhwala okhaokha, kutsatana kwake komwe kuja kwa kale. Aphunzitsi awiriwo anali asanakhalepo pansi limodzi ngakhale tsiku limodzi. Chimene tinasintha ife chinali mawu a pachikuto basi. Ndipo sindinawaimbe mlandu: palibe anawafunsa, palibe anawapatsa nthawi yokonzera limodzi, komanso mayeso ankafunsabe matenda paokha, mankhwala paokha.

Choncho mundilole funso lanu ndilitembenuze pang'ono. Mwafunsa zoti muchite kuti agwirizane ndi chikalatacho. Ine ndikufunsani: m'chikalatamo mwatsala chiyani chimene aphunzitsi angathe kusintha? Ngati palibe, kupatula kukonza masipelo, musawaitanirenso msonkhano wina, chifukwa akudziwa kale. Munthu wamkulu amasiyanitsa kufunsidwa nzeru ndi kuuzidwa zochita, ngakhale womuuzayo atagwada.

Akatswiri a zamaphunziro anaikambirana kalekale nkhaniyi. Mu 1949 Ralph Tyler wa ku Chicago anaika mafunso anayi amene okonza masilabasi akuyendabe nawo mpaka lero: sukulu ikufuna kukwaniritsa chiyani, ophunzira adutse mu zotani kuti afike pamenepo, zinthuzo zisanjidwe bwanji, ndipo tidzadziwa bwanji kuti tafika. Hilda Taba, mayi wobadwira ku Estonia amene anagwirapo ntchito ndi Tyler, anakakamira pa nkhani ya amene ayenera kuyamba kuyankha mafunsowo. Mu 1962 analemba kuti ntchitoyi iyambire pansi: aphunzitsi akonze tizigawo tating'ono ta maphunziro, atiyese m'kalasi, atikonzenso, ndipo chimango chachikulu chimangidwe kuchokera pa zimene zaoneka kuti zikutheka. Inu, monga ambirife timachitira, mwayambira kudenga.

Palinso kafukufuku wina wakale amene sanachitikire pasukulu n'komwe. Mu 1948 Lester Coch ndi John French anafalitsa zimene anapeza pa fakitale yosoka zovala zogonera ya Harwood ku Virginia, m'dziko la America. Kagwiridwe ka ntchito katasinthidwa, gulu limene linangoitanidwa n'kuuzidwa linatsika pantchito n'kukhala pansi pomwepo, madandaulo anachuluka, ena anasiya ntchito. Gulu limene onse anakhala nawo pokonza njira yatsopano linabwerera msanga pa mlingo wake wakale, kenako n'kuupitirira. Limene linatumiza nthumwi linachita bwino, koma mochedwerapo. Osoka zovala si aphunzitsi, ndikudziwa. Koma taonani komiti yanu ya anthu anayi: ndi nthumwi, ndipo ndikukayika ngati anzanuwo ndiwo anazisankha.

Tsono tifike pa maola, pakuti nkhani yagona pamenepo. Kwa inu amene mukuona sukulu yonse, kuchotsa maola makumi awiri pa anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu, ndi masamu chabe. Kwa mwini phunzirolo, maolawo ndi dzina lake pasukulu. Ndi manotsi amene anawalemba usiku ana atagona, zithunzi zimene anazisonkhanitsa zaka zambiri, mafunso a mayeso amene akuwadziwa pamtima. Penanso ndi ntchito yake yeniyeni: akuopa kuti maola akachepa, tsiku lina wina adzafunsa ngati iye akufunikabe. Mantha amenewa satuluka ndi dzina lake mu msonkhano. Amavala chovala china: "ana awa adzapha odwala", "muyezo wa sukulu yathu ukutsika". Nthawi zina mawuwo ndi oona, nthawi zina ndi chovala chabe, ndipo ntchito yanu ndi kusiyanitsa ziwirizi popanda kumuchititsa munthu manyazi.

Chovuta n'chakuti maola satambasuka. Dziko lililonse lili ndi malire ake. Lamulo la European Union la 2005, monga linakonzedweranso mu 2013, limati namwino aphunzire zaka zosachepera zitatu ndi maola osachepera 4,600, ndipo osachepera theka la maolawo akhale ali kwa odwala, pomwe osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu akhale a m'kalasi. Bungwe lanu lili ndi manambala ake, koma mfundo ndi yomweyo: chilichonse cholowa chimafuna kuti china chituluke. Ndipo kutulutsa ndiye kumatikanika ife aphunzitsi a anamwino. Kunabwera HIV, tinaonjezera. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi atachuluka, tinaonjezera. Kulemba za odwala pa kompyuta, tinaonjezera. COVID-19 itadutsa, tinaonjezeranso. Mu 2007 Jean Giddens ndi Debra Brady analemba za vuto lomweli, kuti masilabasi a unamwino adzaza mpaka kusefukira, ndipo anati m'malo mothamangitsana ndi matenda onse mmodzimmodzi, ndi bwino kuphunzitsa mfundo zikuluzikulu, monga kayendedwe ka mpweya m'thupi kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, n'kusankha matenda ochepa oti akhale zitsanzo. Kaya njira yawoyo mungaitsate kaya ayi, vutolo analiloza bwino. Inu munachita bwino kudula. Cholakwika n'chakuti mpeni munaugwira nokha.

Ndiye muyambire pati? Chikalata chanucho musachitaye, koma chibwezereni mu dilowa. Pa msonkhano wotsatira nenani mawu ochepa osazungulira: "Tinathamanga, tinalemba tisanakufunseni. Tiyambirenso pamodzi." Mawu amenewa amawawa pakamwa, koma sachotsa ulemu wa munthu. Kenako ikani poyera malire. Zimene bungwe linamanga kale, monga maola onse ndi maluso amene namwino ayenera kukhala nawo kuti alembetsedwe, nenani kuti izi palibe wa ife angazisinthe. Ngati pali zina zimene utsogoleri wa sukulu wasankha kale ndipo subwerera, zinenedwenso, ndi zifukwa zake. Zotsalazo zikhale zotseguka ndithu. Anthu amapirira malire akawadziwa poyamba. Chimene chimawawitsa mtima ndi kukambirana tsiku lonse chinthu chimene chinatsekedwa kale kuseri.

Msonkhanowo musauyambe ndi maphunziro kapena maola, chifukwa aliyense adzaima pakhomo pa phunziro lake ndi chibonga. Yambani ndi munthu. Funsani kuti: namwino wathu akangomaliza, usiku wake woyamba pa wodi, dokotala ali kutali, mnzake ali kumbali ina, ayenera kutha kuchita chiyani payekha? Pa funso limeneli wa anatomy, wa zauzamba ndi wa matenda a maganizo onse ali ndi chonena, ndipo palibe amene akulandidwa kanthu.

Koma samalani ndi kayendetsedwe kake. Mukangoti "tiyeni tikambirane", adzayankhula anthu atatu omwe aja, ndipo mphunzitsi amene wabwera chaka chatha, amenenso ndiye wachoka pa wodi posachedwa, adzangoyang'ana pansi poopa kutsutsa amene anamuphunzitsa. Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi imene André Delbecq ndi Andrew Van de Ven anaifotokoza mu 1971, yotchedwa nominal group technique. Aliyense amayamba walemba maganizo ake payekha, mwakachetechete. Kenako mumazungulira, munthu kupereka mfundo imodzi, wina imodzi, zonse kulembedwa pa bolodi popanda kuikapo mlomo, mpaka zitatha. Pamenepo m'pamene mumakambirana kuti zimveke. Pomaliza aliyense amasanja mwachinsinsi zimene akuziona kuti n'zofunika kwambiri, ndipo mumaphatikiza. Zimaoneka ngati zachibwana poyamba, akuluakulu ena amang'ung'udza. Zotuluka zake zimadabwitsa, chifukwa mfundo ya wamng'ono imatha kupambana popanda wina kugwa nkhope.

Mukamati aphunzitsi, musawerenge okhala ndi maofesi pasukulu okha. Theka la nthawi ya wophunzira limathera m'manja mwa anamwino a m'mawodi, ndipo iwowo ndiwo amamuonetsa chimene ntchitoyi ili. Mphunzitsi wa m'kalasi akanena china, sisitala wa pa wodi n'kuti "zimenezo n'za m'buku, kuno timachita chonchi", wophunzira amatsata sisitala. Ku Britain anaphunzira izi movutikira. Dongosolo lotchedwa Project 2000, limene linalengezedwa mu 1986, linasamutsa maphunziro a unamwino kuchoka m'sukulu za pachipatala kupita ku makoleji ndi mayunivesite, ndipo ophunzira anasiya kuwerengedwa ngati antchito a pa wodi. Cholinga chinali chabwino. Koma posakhalitsa kunamveka madandaulo akuti anamwino atsopano akubwera mutu uli wodzaza, manja asanazolowere ntchito, ndipo lipoti la 1999 lotchedwa Fitness for Practice linalimbikitsa kuti luso la pa wodi lipatsidwenso malo ake, komanso kuti masukulu ndi zipatala azigwirira ntchito limodzi. Itanani masisitala angapo, ndipo muwaitane pa nthawi imene angathedi kubwera. Itananinso anamwino awiri kapena atatu amene anamaliza kwa inu chaka chatha. Afunseni chimene chinawachititsa mantha mwezi wawo woyamba. Aphunzitsi amene sakanamva za inu amamva za mwana amene anamuphunzitsa okha.

Pa ntchito yonseyi, chimene ndimachidalira kuposa zonse ndi khoma. Pezani chipinda chokhala ndi khoma lalitali, ligaweni malinga ndi zaka ndi materemu. Mphunzitsi aliyense apatsidwe timapepala tomata, alembe pa kalikonse mutu umodzi wa zimene amaphunzitsadi. Nditsindike: zimene amaphunzitsadi, osati zimene silabasi yakale imati aziphunzitsa, pakuti ziwirizi zinasiyana kalekale. Lonjezani kuti palibe adzadzudzulidwe. Akamaliza kumata, onse abwerere m'mbuyo ayang'ane khomalo.

Nthawi zambiri m'chipindamo mumayamba mwati zii, kenako wina amaseka. Amapeza kuti kayendedwe ka magazi mu mtima kakuphunzitsidwa kanayi: m'chaka choyamba ndi wa anatomy, kenako ndi wa matenda a akuluakulu poti "ana amaiwala", kenako ndi wa mankhwala asanafike pa mankhwala a mtima, kenakonso ndi wa odwala kwambiri. Aliyense amayambira pachiyambi, aliyense amadandaula kuti nthawi sikwana. Ndiye wina amafunsa kuti, nanga kuzindikira wodwala amene akuipiraipira, kuona kuti kupuma kwathamanga, mkodzo wachepa, munthu wayamba kusokonezeka, amaphunzitsa ndani? Onse amayang'anana. Aliyense ankayesa kuti ndi mnzake. Chimodzimodzi kuwerengera mlingo wa mankhwala a mwana molingana ndi kulemera kwake, kapena kupatsirana odwala posinthana mashifiti, kapena kuyankhula ndi abale a munthu amene wamwalira. Izi ndi zitsanzo chabe, khoma lanu lidzaonetsa zake.

Kubwereza pakokha si tchimo. Wophunzira ayenera kukumana ndi mtima kangapo, koma ulendo uliwonse azizama: poyamba mmene mtima unapangidwira, kenako mmene umalepherera, kenako chimene namwino amachita usiku wodwala akamabanika. Chimene khoma limaulula ndi kubwereza kopanda kuzama. Ndipo ubwino wake ndi uwu: kudula kumachoka pakamwa panu. Wa mankhwala amatembenukira kwa wa anatomy n'kuti, "Mukandilonjeza kuti izi muziwafikitsa bwino, ine maola atatu awa ndiwasiya." Maola omwewo mukanawachotsa inu, bwenzi ikanakhala nkhondo ya chaka chathunthu. Pamapeto pake mudzaona kuti zambiri zikufanana ndi zimene munalemba anthu anayi aja. Mtima udzafuna kunena kuti "si zomwe tinanena zija?" Mezani mawuwo. Zina zidzasiyana, ndipo mwa zosiyanazo zingapo zidzakhala zabwino kuposa zanu.

Tibwerere kwa mayi aja. Musalimbane nawo pagulu, chifukwa munthu akanena mawu pamaso pa anzake amawateteza ngakhale mtima utasintha. Pitani ku ofesi kwawo. Afunseni chimene akuopa kuti chitayika. Kawirikawiri munthu wotere akusunga kanthu koona: anaonapo masilabasi awiri kapena atatu akubwera ndi ng'oma n'kupita mwakachetechete, ndipo akudziwa pamene ophunzira amapunthwa chaka ndi chaka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Apatseni ntchito yeniyeni yoyenera msinkhu wawo, monga kutsogolera gulu loonetsetsa kuti maziko a sayansi sakusowa m'zaka zonse. Koma kuwalemekeza sikutanthauza kuwapatsa mphamvu yoimitsa sukulu yonse. Mfundo ikamangidwa mwa njira imene nonse munagwirizana, imagwira aliyense, ndipo ngati patapita nthawi akanabe, imeneyo yasanduka nkhani ya mkulu wa sukulu, yokambidwa mwaulemu kuseri. Si onse amene adzakondwe. Mukufuna ochuluka oti ntchito iyende, ndiponso kuti otsalawo asamve kuti anaponderezedwa.

Tsopano mayeso. Mukasintha zonse n'kusiya mayeso, simunasinthe kanthu, chifukwa ophunzira amawerenga mapepala a zaka zam'mbuyo kuposa mmene amawerengera silabasi, ndipo mphunzitsi wachifundo amaphunzitsa zimene akudziwa kuti zifunsidwa. George Miller mu 1990 anasanja luso la wachipatala m'masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa mmene chimachitikira, kuonetsa kuti ungathe, ndi kuchichita pantchito yeniyeni. Mayeso olemba amafika masitepe awiri apansi okha. Ngati silabasi yatsopano ikulonjeza kuti namwino adzatha kuchita, payenera kukhala pomuonera akuchita. Apa m'pamene pamabwera OSCE, njira imene Ronald Harden ndi anzake ku Scotland anaifotokoza mu 1975, pamene wophunzira amazungulira malo angapo, paliponse mphindi zochepa, kuonetsa luso limodzi pamaso pa woyesa amene ali ndi mndandanda wa zoyenera kuona.

Mindandanda imeneyo musailembe nokha, musaikoperenso kwina. Ikani aphunzitsi awiri ndi sisitala mmodzi patebulo kuti alembe masitepe otsukira bala kapena oikira paipi ya mkodzo. Pasanathe mphindi khumi adzakhala atasiyana maganizo, ndipo adzazindikira kuti kwa zaka zonsezi akhala akuuza ophunzira zinthu zosiyana. Mkangano umenewo musauzimitse msanga, koma uthere pa umboni, atsegule malangizo a zaumoyo amene akugwira ntchito pano. Kumeneko ndiko kukonza silabasi kwenikweni, kuposa zonse zolembedwa m'mawu oyamba a chikalata.

Pali mantha ena amene palibe adzawatchule. Munthu amene wakhala akuimirira kutsogolo n'kuyankhula maola awiri, ophunzira akulemba, mukumuuza kuti tsopano agawe kalasi m'magulu, apereke nkhani ya wodwala, ophunzira azifunsa chilichonse. Akuopa kufunsidwa chimene sakuchidziwa. Akuopa phokoso. Patricia Benner mu 1984 anafotokoza mmene namwino amakwerera masitepe asanu kuchoka pa woyamba kumene kufika pa katswiri, ndipo chowawa n'chakuti katswiri akapatsidwa ntchito yachilendo amabwerera pa sitepe yoyamba. Palibe munthu wa imvi amene amakonda kukhalanso woyamba kumene pamaso pa ana. Ambiri a ife tinalembedwa ntchito yophunzitsa chifukwa tinali anamwino abwino, kukonza silabasi sitinakuphunzire. Bungwe la World Health Organization mu 2016 linatulutsa maluso asanu ndi atatu amene mphunzitsi wa anamwino ayenera kukhala nawo, ndipo kukonza ndi kuyendetsa silabasi ndi limodzi mwa iwo. Lusolo limachita kuphunzitsidwa. Njira yosachititsa manyazi ndi kuphunzitsa awiriawiri: amene wazolowera njira yatsopano ndi amene akudziwa phunzirolo mozama alowe m'kalasi limodzi teremu yoyamba, aliyense ali ndi chopatsa mnzake.

Zonsezi zimadya nthawi, ndipo apa m'pamene muyenera kukagogoda kwa mkulu wa sukulu. Simungauze munthu kuti aphunzitse maola ake onse, ayendere ophunzira m'mawodi, achonge mapepala, kenako akonze phunziro latsopano madzulo chifukwa chokonda sukulu. Adzavomera pakamwa, ntchito osaoneka. Pemphani kuti masana amodzi pa sabata akhale opanda makalasi, ndipo alembedwe pa ndandanda ya nthawi monga phunziro lina lililonse. Otsogolera magulu achepetseredwe katundu wina. Msonkhano umodzi waukulu wa masiku asanu kutali ndi sukulu uli ndi malo ake poyambira, koma anthu amabwerako atatenthedwa mtima, n'kupeza matebulo awo atadzaza, pakatha milungu iwiri zonse zazirala.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamasunga chikhulupiriro: msonkhano uliwonse ukatha, tumizani tsamba limodzi lonena kuti mfundo iyi taitenga, iyi taisintha motere, iyi sitinaitenge pa chifukwa chakuti. Munthu amapirira mfundo yake ikakanidwa ndi chifukwa chomveka. Ikangosowa osadziwa kumene yapita, ulendo wina sayankhulanso. Gwirizananinso kuyambira pachiyambi kuti mukalephera kumanga chimodzi, womaliza kugamula ndani.

Za bungwe limene likudikiralo, musaope kuwalembera. Afotokozereni pamene mwafika, apatseni tsiku latsopano limene mungalikwanitse, ndipo funsani ngati angalandire kaye chimango, kutanthauza maluso, magawo a maphunziro ndi maola, zam'kati mwa phunziro lililonse n'kutsatira. Akakana, perekani chikalatacho mutakonza ndi aphunzitsi mbali zimene zikuwawa kwambiri, makamaka maola, ndipo muwauze anzanuwo mosabisa kuti zam'kati ndi mayeso zili m'manja mwawo. Kumbukiraninso kuti oyendera masukulu akabwera sawerenga mapepala okha, amayankhula ndi aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo sizitenga nthawi kuti aone ngati silabasi ili ya anthu anayi.

Chomaliza choti mukonzekere ndi zaka zosinthira. Ophunzira amene alipo kale adzamaliza ndi silabasi yakale pamene atsopano akuyamba ndi yatsopano, choncho kwa zaka ziwiri kapena zitatu aphunzitsi omwewo adzayendetsa ziwiri nthawi imodzi, kuphatikizapo obwereza amene agwera pakati. Pamenepa m'pamene anthu amatopa n'kubwerera ku manotsi akale. Jambulani ndandanda ya zaka zimenezo tsopano, aphunzitsi aione, aloze okha teremu imene idzakhale yothina. Ndipo teremu yoyamba ikatha, khalaninso pansi, khoma lija likadalipo, mufunse chimene chakanika. Chidzakhalapo, ndipo amene anatsutsa pachiyambi apatsidwe mpata woyamba kuchinena.

Sabata ikubwerayi, musanaitane msonkhano uliwonse, kagogodeni pa ofesi ya mayi aja, m'manja mulibe pepala. Apempheni kuti akulongosolereni mmene silabasi imene ilipoyi inabwerera, amene anailemba, ndi zimene zinavuta chaka chake choyamba. Khalani pansi mpaka amalize.